KODI THANDIZO LIDATHANDIZA? MAU KWA NTHUMWI ZA SINODI PA ZA OTSOGOLERA NTCHITO YOSAMALIRA ANTHU



Pa nthawi ya chikumbutso monga ino, mwambo wake ndi kuwerenga zimene zidachitika: zipatala zimene zidamangidwa, matumba a chimanga amene adagawidwa m'zaka za njala, ana amasiye amene adalipiriridwa sukulu, okalamba amene adafoleredwa nyumba. Nkoyenera kutero, pakuti ntchito zimenezi zidadya thukuta ndi chopereka cha anthu amene iwonso adali osauka. Komatu chiwerengero chotere chimangonena za dzanja lopereka. Za wolandirayo, m'mene aliri patapita zaka khumi, ndi m'mene akadakhalira thandizolo likadapanda kumpeza, malipoti a makomiti kawirikawiri amakhala chete. Mau ano akukhudza munthu amene Sinodi imamuika kuti ayang'anire ntchito yosamalira anthu, ndi luso limodzi limene munthuyo sayenera kulisowa, ndilo luso la kufufuza ngati thandizo lathandizadi. Nkhaniyi iyambira kutali, ku Boston m'dziko la America, chifukwa kumeneko kudachitika chinthu chimene aphunzitsi a ntchito imeneyi amachikambabe mpaka lero.

Pa chipatala cha Massachusetts General mumzinda umenewo padali dokotala wina dzina lake Richard Cabot. Iyeyu adaona kuti odwala ambiri amene ankawapatsa mankhwala ankabweranso ndi nthenda yomweyo, popeza ankabwerera ku nyumba zachinyontho, ku njala ndi ku ngongole. Tsono mu 1905 adalemba ntchito namwino wina, Garnet Pelton, namlipira ndi ndalama za m'thumba mwake, kuti azitsata odwalawo kwao. Posakhalitsa ntchitoyo idagwa m'manja mwa Ida Cannon, amene adaikulitsa kwa zaka zambiri, ndipo malo amenewo ndi amodzi mwa malo pamene padayambira ntchito yosamalira anthu ya m'zipatala. Koma Cabot adalinso ndi khalidwe lina losowa. Mu 1912 adafalitsa zimene adapeza poyerekeza matenda amene madokotala adalemba odwala akali moyo, ndi zimene zidaoneka popima mitembo 3,000, ndipo padadziwika kuti pa matenda ena madokotala ankaphonya kawirikawiri. Anzake ena sadakondwe naye. Mu 1931, ali pulezidenti wa msonkhano waukulu wa ogwira ntchito yosamalira anthu m'dziko lonselo, adawauza iwonso nkhani yonga yomweyo, kuti adziwa kulongosola bwino mavuto a mabanja, koma alibe muyeso wodziwira ngati chithandizo chao chapindula kapena chalephera.

Kudzudzula anzako pamsonkhano nkosavuta. Cabot adapitirira pamenepo, naika chuma chake ndi chikhulupiriro chake chomwe pa muyeso. Iye ankakhulupirira kuti mnyamata wokulira m'banja losokonezeka ndi m'dera la umphawi angapulumuke ku moyo wa umbanda ngati apeza munthu wamkulu mmodzi womkonda, womuyendera ndi kumuongolera kwa zaka zingapo. Palibe mbusa kapena mkulu wa mpingo amene angatsutse maganizo amenewa pongowamva. Mu 1935 adayamba kukonza ntchitoyo m'mizinda iwiri ya mafakitale yoyandikana ndi Boston, ndiyo Cambridge ndi Somerville. Masukulu, apolisi, mipingo ndi mabungwe achifundo adapereka maina a anyamata, ena ovuta ndi ena wamba, kuti pasakhale mwana wolozedwa chala kuti ndi wa gulu la opulupudza. Anyamatawo adawaika awiriawiri, aliyense ndi mnzake wofanana naye msinkhu, nzeru, makhalidwe ndi mtundu wa banja lochokerako. Kenaka pa awiri alionse adachita maere poponya khobidi. Mmodzi adalowa m'gulu lolandira chithandizo, mnzakeyo adangolembedwa dzina nasiyidwa kuti akule monga akadakulira. Poyamba magulu a awiriawiri adalipo 325, koma nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatenga alangizi ena, adatsala 253, ndiko kunena kuti anyamata 506.

Maere amenewa amadodometsa anthu a mtima wachifundo, chotero ayenera kulongosoledwa. Alangizi akadaloledwa kusankha okha, akadatenga anyamata omasuka nkhope, a makolo olandira bwino alendo, ndipo anyamata otere akadakula bwino ngakhale popanda mlangizi. Pambuyo pake ulemu ukadapita kwa ntchitoyo pa chinthu chimene sidachite. Khobidi lilibe mbale, silidziwa mwana wa mfumu kapena wa munthu womveka. Magulu awiri opangidwa mwa njira imeneyi amayamba ali ofanana, kotero kuti kusiyana kumene kudzaoneke m'tsogolo kungathe kuwerengedwa kuti kwadza ndi chithandizocho. Ndiponso pamene thandizo silikwanira onse oyenera, monga zimakhalira pafupifupi nthawi zonse, maere sachita nkhanza yoposa imene imachitika posankha ndi maso.

Chithandizo chidayamba mwamphamvu mu 1939, anyamata ambiri ali ndi zaka ngati 10, ndipo chidatha mu 1945. Sichidali chongokwaniritsa mwambo iai. Mlangizi ankafika pakhomo ngati kawiri pa mwezi, kwa zaka zoposa zisanu. Amene ankatsalira m'kalasi adawapezera aphunzitsi apadera, odwala adawatengera kwa madokotala, makolo okangana adawapatsa uphungu, anyamata ena adawalowetsa mu Boy Scouts ndi mu YMCA, ndipo ena adawatumiza ku misasa ya anyamata pa tchuthi cha nyengo yotentha. Cabot mwini wake adamwalira mu 1939 momwemo, osaona kumene ntchito yake idakathera.

Mu 1951 Edwin Powers ndi Helen Witmer adafalitsa zotsatira zoyamba. Alangizi adali atachitira umboni kuti anyamata ambiri apindula. Koma m'mabuku a apolisi ndi a mabwalo a milandu, maina a magulu awiriwo adapezekamo pafupifupi mofanana. Okonda ntchitoyo adadzitonthoza kuti mbeu yotere imachedwa kumera, ndi kuti phindu lidzaoneka anyamatawo akadzakula.

Amene adadikira kukulako ndi mai Joan McCord. Kuyambira mu 1975, iye pamodzi ndi omthandiza adasakasaka amuna aja, amene tsopano adali a zaka zopitirira 40, m'mabuku a makhoti, a zipatala za odwala misala, a malo othandizira zidakwa ndi m'kaundula wa imfa, ndipo adapeza 95 mwa 100 alionse. Kuona maso a nkhono nkudekha. Adawalemberanso makalata kuwafunsa maganizo ao. Mwa amene adayankha a gulu lothandizidwa, awiri mwa atatu alionse adanena kuti chithandizo chija chidawathandiza. Ena adakumbukira alangizi ao ndi chikondi, ena adati popanda iwo bwenzi ali m'ndende. Likadakhala lipoti la komiti, nilithera pamenepo, nthumwi zikadaomba m'manja ndi kuvomereza ndalama za chaka chamawa.

Koma zimene McCord adafalitsa mu 1978 zidanena zina. Powayerekeza ndi anzao aja amene khobidi lidawasiya, amuna othandizidwawo sadapambane pa chinthu chilichonse chimene adachiyeza, ndipo pa zinthu zingapo adatsalira. Mwa amene adapalamulapo mlandu, a gulu lothandizidwa ndiwo adachuluka pa kupalamulanso kachiwiri. Zizindikiro za uchidakwa, matenda aakulu a maganizo, kuthamanga kwa magazi ndi nthenda za mtima zidapezeka kwambiri mwa iwo. Ntchito zao zidali zotsikirapo, ndipo sankakhutira nazo. Mwa amene adamwalira, a gulu lothandizidwa adamwalira ali ocheperapo msinkhu. Pambuyo pake McCord adawerenga pamodzi onse amene adafa asanafike zaka 35, kapena kupezeka olakwa pa mlandu waukulu, kapena kudziwika ndi uchidakwa kapena misala, ndipo adapeza 42 mwa 100 alionse m'gulu lothandizidwa, pamene m'gulu linalo adalipo 32. Chowawa koposa nchakuti mabanja amene adamvera alangizi ndi mtima wonse, ndi anyamata amene adayenderedwa kawirikawiri, ndiwo adatsalira kwambiri kwa anzao ofanana nao.

Pa chifukwa chake McCord adapereka maganizo angapo. Mwina anyamatawo adazolowera kutsamira mlangizi, ndipo atachoka mu 1945 adagwa monga mpanda wochotsedwa mchirikizo. Mwina kuyenderedwa kokhako kudauza mnyamata ndi anansi ake kuti iyeyo ndi mwana wovuta. Mwina alangizi, amene adali anthu ophunzira ndi opeza bwino, adaonetsa anyamatawo moyo umene sakadaufikira, nawachititsa kupeputsa makolo ao. Mu 1999, pamodzi ndi Thomas Dishion ndi François Poulin, adaloza chala ku misasa ija. Mwa anyamata amene adatumizidwako koposa kamodzi, amene adaipirapo poyerekeza ndi anzao adachuluka kakhumi kuposa amene adakhala bwinopo. Anyamata ovuta akasonkhanitsidwa pamodzi amaphunzitsana, ndipo amene wanena choipa choposa ndiye amene anzake amamsekerera ndi kumtama. Okonza misasa ya achinyamata asamve ngati msasa uliwonse ndi woipa, koma afunse kuti ndani akugona ndi yani m'chisakasa chimodzi, ndi kuti wamkulu ali kuti usiku.

Nkofunika kuonjeza kuti ngakhale mau a McCord adayesedwanso. Mu 2019 Brandon Welsh ndi anzake adatsata imfa za amuna omwewo patapita zaka 72 chithere chithandizo, ndipo pa nkhani ya imfa sadapezenso kusiyana kooneka pakati pa magulu awiriwo. Phindu limene Cabot ankaliyembekeza silidaoneke konse, koma chimodzi mwa zoipa zimene zidaoneka pakati pa ulendo chidazimirira kumapeto.

Chinthu choyamba chimene wotsogolera ntchito yosamalira anthu ayenera kutolapo ndi chakuti kuthokoza kwa wolandira ndi umboni wa ulemu wake, ndipo nthawi zina ndi umboni wa chikondi chenicheni, koma sikukwanira kukhala muyeso wa phindu. Amuna a ku Cambridge sadaname iai, adanena zimene adamva mumtima. Nanga kuli bwanji m'maiko ano, m'mene mwana amaleredwa kuti polandira mphatso agwade ndi kulandira ndi manja awiri? Pamene galimoto la likulu laima pabwalo, abusa atsika pamodzi ndi alendo opereka thandizo, ndipo amfumu akhala pampando, ndi mai wamasiye uti amene angaimirire nkunena kuti mbeu idafika mvula itapita, kapena kuti mbuzi imene adapatsidwa idagulitsidwa kuti alipire chipatala? Lipoti limene limabwera ku Sinodi kuchokera pabwalo lotere ndi loona pa zimene zidanenedwa, koma la zimene zidachitika likusowabe.

Nkhani ya Cambridge sidali yokha. Mu 1973 Joel Fischer wa pa yunivesite ya Hawaii adasonkhanitsa ntchito 11 za uphungu zimene zidayesedwa poyerekeza magulu awiri, ndipo sadapezemo umboni wakuti othandizidwa adaposa osathandizidwa. Ogwira ntchitoyi ambiri adakwiya, koma kuyambira nthawi imeneyo phunziro la kufufuza lidalimba m'masukulu ao.

Wina angaganize kuti kufufuza kumangogwetsa mphwayi. Nkhani ya ku Romania ionetsa mbali ina, ndipo ikhudza ntchito imene mipingo imaikonda koposa, ndiyo ya ana amasiye. Ulamuliro wa Nicolae Ceaușescu utagwa mu 1989, dziko lidadziwa kuti ana oposa 100,000 adali m'nyumba za boma zosungiramo ana. Akuluakulu ena kumeneko ankakhulupirirabe kuti nyumba zotere nzabwino kuposa kupereka mwana kwa banja lachilendo. Mu 2000 Charles Zeanah, Nathan Fox ndi Charles Nelson adayamba ntchito mumzinda wa Bucharest ndi ana 136 a miyezi pakati pa 6 ndi 31. Popeza mabanja olera ana adali osowa, adawafunafuna ndi kuwaphunzitsa okha, nalemba ogwira ntchito yosamalira anthu oti aziwayendera, ndipo mwa maere ana 68 adapita ku mabanjawo. Zotsatira zimene zidafalitsidwa mu 2007 zidaonetsa kuti ana a m'mabanja adapambana pa nzeru, makamaka amene adachotsedwa m'nyumbazo asanakwane zaka ziwiri. Ntchitoyo ikali pakati, Romania idakhazikitsa lamulo, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2005, loletsa kuika ana osakwana zaka ziwiri m'nyumba zotere pokhapokha ngati ali olumala kwambiri. Mu 2009 bungwe la United Nations lidavomereza malangizo akuti ana osakwana zaka zitatu azileredwa m'mabanja.

Koma munthu wodziwa kuwerenga kafukufuku sathamanga kukatseka nyumba zonse za ana chifukwa cha Bucharest. Amayamba wafunsa kuti ana amenewo adali a msinkhu wanji, ndi kuti nyumbazo zidali zotani, pakuti zidali zazikulu, za olera ochepa osinthanasinthana. M'chaka chomwecho cha 2009 Kathryn Whetten ndi anzake adafalitsa zimene adapeza ku Cambodia, India, Ethiopia, Kenya ndi Tanzania pakati pa ana amasiye ndi otayidwa a zaka 6 mpaka 12, ndipo kumeneko ana a m'nyumba zosungiramo ana sadatsalire kwa anzao oleredwa m'midzi. Kafukufuku wachiwiriyu sadachite maere, chotero umboni wake ndi wopepukirapo, komabe sungatayidwe. Komiti imene ikuganiza zomanga nyumba ya ana amasiye isowa munthu wotha kuika nkhani ziwirizi pamodzi, nanena kuti kwa khanda umboni ukulemera ku mbali ya banja, ndi kuti kwa mwana wamkulu zitengera nyumba yake ndi banja lake. Munthu wotere sapezeka mwangozi, amachita kuphunzitsidwa.

Chitsanzo chapafupi chili ku Zomba m'dziko la Malawi. Mu 2008 ndi 2009 Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler adayesa kupereka ndalama pang'ono mwezi ndi mwezi kwa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 ndi kwa makolo ao. Madera 176 adagawidwa mwa maere. Kwina ndalama zinkaperekedwa pokhapokha mtsikana akapezeka kusukulu masiku 80 mwa 100 alionse, kwina zinkaperekedwa popanda pangano lililonse, ndipo kwina sizinkaperekedwa. Ndalama za pangano ndizo zidasunga atsikana ambiri pasukulu, ndipo zidakwezanso kuwerenga kwao kwa Chingelezi. Koma maukwati ndi mimba zidachepa kwambiri kumene ndalama zidaperekedwa popanda pangano, ndipo chifukwa chake chidali ichi: mtsikana amene adasiya sukulu m'dera la pangano adatayanso ndalamayo, natsala wopanda pogwira, pamene mnzake wa dera linalo adapitiriza kulandira, nachedwa kulowa m'banja. Tsono funso lakuti njira yabwino ndi iti lilibe yankho mpaka mtsogoleri atanena chimene akufuna, kaya ndi sukulu kaya ndi kuteteza amene sukulu yawakanika kale. Manambala sangamsankhire. Pamenepa mpamene pamathera ntchito ya wofufuza nipayambira ya mtsogoleri.

Zinthu zina ziwiri za ku Zomba ziyenera kukumbukika. Atsikana atafunsidwa okha ngati akupita kusukulu, mayankho ao adapereka chithunzi chosiyana ndi chimene chidapezeka kwa aphunzitsi ndi m'kaundula wa masukulu, ndipo ofufuzawo akadangodalira mayankho a pakamwa akadasokera. Chinanso, atabwerera patapita zaka zoposa ziwiri ndalama zitaleka, adapeza kuti kuchedwa kwa maukwati ndi mimba kuja kudatha msanga, ngakhale kuti ana obadwa kwa atsikana olandira popanda pangano pa nthawi ya ndalamazo adali otalikirapo pa msinkhu wao. Phindu lokhalitsa pa sukulu ndi pa ukwati lidaoneka mwa atsikana amene adali atasiya kale sukulu ntchitoyo isanayambe, nabwezedwako ndi ndalama za pangano. Lipoti lolembedwa sabata yotsekera ntchito silikadaona zimenezi.

Nthumwi zina zidzanena kuti Sinodi si yunivesite, ndipo ilibe chuma cha Cabot kapena cha World Bank. Nzoona. Koma mizu ya luso limeneli ndi yotsika mtengo. Mary Richmond, amene buku lake la Social Diagnosis la mu 1917 lidaika maziko a maphunziro a ntchitoyi, adalilemba atasanthula zolembedwa za nkhani za mabanja ngati 2,800, ndipo chimene adalimbikira ndi kusiyanitsa zimene wogwira ntchito waona ndi maso, zimene wauzidwa, ndi zimene wangoganiza. Mkulu wa mpingo aliyense amene adakhalapo pa mlandu wa banja amaudziwa mwambo umenewu. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Chofunika ndi kaundula wolembedwa ntchito isanayambe, wonena kulemera kwa mwana, kalasi imene ali, chakudya chimene chili m'nkhokwe, kuti padzakhale poyambira kuyerekeza. Ngati ndalama zikwanira midzi khumi chaka chino ndi ina khumi chaka chamawa, midzi yodikirayo ndiyo gulu loyerekezera, malinga ngati dongosolo la kuyamba lachitika mwa maere, ndipo nayonso ilembedwa m'kaundula kuyambira tsiku loyamba. Amene adaleka pakati panjira ayenera kutsatidwa koposa onse, chifukwa pa tsiku la chikondwerero sapezekapo, ndipo m'lipoti amangosowa ngati sadakhaleko. Mabuku amenewa asungidwe pamalo pouma ndi pokhoma, popeza muli zinsinsi za mabanja, ndiponso popeza McCord adatha kugwira ntchito yake chifukwa anthu a zaka 30 m'mbuyo mwake adalemba mosamala, ndipo ena sadataye zolembazo.

Pakhalenso diso lakunja. Amene adayambitsa ntchito sangathe kuiweruza yekha, monganso mai sangaweruze bwino mlandu wa mwana wake. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mlendoyo angakhale mphunzitsi wa pa koleji yapafupi, kapena wogwira ntchito yomweyo wa Sinodi ina ya m'chigawo chino, osati wa kutsidya kwa nyanja nthawi zonse.

Komabe kaundula ndi diso lakunja sizipindula kanthu ngati mtsogoleri saona polowera ndi uthenga woipa. Pano mpamene udindo ubwerera kwa nthumwi. Woyang'anira ntchito yosamalira anthu ali pakati pa miyala iwiri. Opereka thandizo afuna kumva kuti ndalama zao zabala, ndipo antchito ake, amene malipiro ao adalira ntchitoyo, afuna kuti ipitirire. Ngati pamwamba pa izi msonkhano wa Sinodi ukhala ndi chizolowezi chotama lipoti losalala ndi kukalipira amene wavomera kulephera, malipoti onse adzakhala osalala, ndipo palibe amene adzakhale atanama mwadala. Woyang'anira amene aimirira nkunena kuti ngongole za magulu a amai m'dera lakutilakuti zawasaukitsa koposa, ndi kuti ntchitoyo isinthidwe kapena ileke, wachita chinthu chovuta koposa kutsekula nyumba yatsopano, ngakhale dzina lake silidzalembedwa pa mwala wa pakhoma. Posankha munthu wa udindo umenewu, komiti imafunsa za khalidwe lake ndi za kukhulupirika kwake pa ndalama, ndipo ichita bwino. Ionjezepo kumfunsa ntchito imodzi imene adaikonda koma adaileka ataona kuti siipindula, ndi m'mene adadziwira.

Chigawo chino sichiyamba kumene kuphunzitsa anthu otere, ndipo mipingo idali nao pachiyambi. Mu 1941 mbusa Ray Phillips wa mishoni ya American Board adatsogolera kutsekula sukulu ya Jan Hofmeyr ku Johannesburg, yophunzitsa anthu akuda ntchito yosamalira anthu. Padaphunzira Ellen Kuzwayo, Joshua Nkomo, amene adakagwira ntchitoyi pakati pa antchito a njanji ku Bulawayo, Eduardo Mondlane wa ku Mozambique, amene pambuyo pake adakhala wofufuza ku United Nations, ndi Winnie Madikizela, amene ali pa chipatala cha Baragwanath adachita nao kafukufuku wa imfa za makanda ku Alexandra. Kuti ambiri mwa iwo adatsirizira m'ndale nkosadabwitsa, pakuti munthu amene wawerenga khomo ndi khomo ana akufa amayamba kufunsa za malamulo amene adaika makolo ao pamalopo. Pansi pa boma la tsankho sukuluyo idatsekedwa chaka cha 1960 chisanathe.

Mu 1964 bambo Ted Rogers a chipani cha Ajezuiti adatsekula sukulu ina yotere ku Salisbury, mzinda umene tsopano ndi Harare, ndipo mu 1986 sukuluyo idayamba kusindikiza magazini yakeyake ya kafukufuku. M'zaka za m'ma 1980 aphunzitsi ake ena adalowa m'nyumba zosungiramo okalamba za m'dzikomo ndi funso losavuta, lakuti okhalamowo ndi ayani. Anthu ankanena kuti mwa Afirika nkhalamba siisowa mbale woisunga. Mayankho adaonetsa kuti ambiri mwa okhalamowo adali obadwira ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zambia, amuna amene adapita kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ali anyamata, amene kwao ankawatcha matchona. Mphamvu zitatha adachotsedwa m'makomboni a mabwana ao. Munda m'midzi ya m'dzikomo adalibe, ndipo kwao kumene adachokera adali ataiwalika. Ambiri a iwo ankayankhula chinenero chimene msonkhano uno ukuchitikiramo, ndipo ena mosakayika adaphunzira kuwerenga pa sukulu za mishoni zimene mbiri yake yalembedwa m'buku lino.